Nyumba Yopanda Mkonono

Johannesburg
2 Febuluwale 1997

Alongo anga a Alfonsi,

Moni kwa inu, kwa alamu anga amake Mwayi, ndi kwa onse a ku Kapata. Ine ndili bwino, kungoti miyendo yatopa ndi kuzungulira m'mawodi. Mvula ikugwa bwanji kumeneko? Chimanga cha ku Chiparamba chamasula?

Ndikudziwa chimene chikukusowetsani mtendere chichokereni kuno. Mukuopa kuti tsiku lina mudzagona osadzukanso, kapena kuti tulo tidzakugwirani pa msewu wa m'mapiri a Manenekera lole ya abwana anu a Ismaili ili yodzaza, monga zinatsala pang'ono kuchitika chaka chatha. Mantha amenewo ndi omveka, koma matendawa ali ndi chithandizo. Tsiku lija kwa dokotala munkangogwedeza mutu maso akulemera, ndiye ndaganiza zolemba zonse kuti muwerenge mofatsa.

Munthu akagona, minofu ya kummero imafooka. Yanu imafooka mpaka kutseka njira ya mpweya, ngati thumba lonyowa limene lamatana kukamwa. Mkonono uja ndi mpweya umene ukudzipanikiza pa kampata kotsala. Mukangoti zii, ndiye kuti njira yatsekekeratu, ndipo thupi limakudzidzimutsani kuti mupume. Zimachitika kambirimbiri mpaka kucha, inu osadziwa. Zaka zonsezi mwakhala mukugona koma osapumula.

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi makina, aakulu ngati wailesi ija ya malemu bambo. Ali ndi payipi ndi chigoba chovala pamphuno, chomangira ndi malamba kumutu. Amapopa mpweya wamba, wopanda mankhwala, kuti kummero kukhale kotseguka. Kuipa kwake n'kwakuti sachiritsa. Muyenera kuvala nthawi zonse mukamagona, ndipo amafuna magetsi.

Yachiwiri ndi opaleshoni. Amadula kanyama kolendewera kukhosi kaja pamodzi ndi mnofu wina wozungulira. Ndi kamodzi kokha, ndipo ndikudziwa kuti mtima wanu wathamangira kale kumeneko. Koma mudziwe kuti masabata angapo ngakhale kumeza malovu kumakhala ntchito. Komanso sithandiza aliyense. Kwa ena mkonono umatha koma kubanika kumatsala. Ndipo chimene chadulidwa sichibwezedwa.

Dokotala walola kutibwereka makina kuti muyambe mwayesa. Ndawapatsa a Abel, mnzanu woyendetsa lole ya kuno, anyamuka Lachinayi. Muyese mpaka chisanu chithe, kenako musankhe nokha. Khosi ndi lanu.

Mundilembere, musachite ulesi.

Ndine mlongo wanu,
Tryness

Kapata, Chipata
16 Malichi 1997

Mlongo wanga Tryness,

Tadzuka bwino, kaya iwe. Kalata yako ndinaiwerenga kawiri, chifukwa ulendo woyamba ndinagona isanathe. Chimanga chinamasula, koma mvula inadula pakati, ndiye tiona.

Abel anafika ndi katundu wako. Pulagi yake ya mano obulungira inakana kulowa pakhoma pathu mpaka a Ismaili anatumiza wamagetsi kudzasintha. Masiku oyamba ndinkalota ndili kumbuyo kwa lole mphepo ikundiwomba kumaso, ndipo m'mawa ndinkapeza chigoba chili pansi. Pano ndazolowera. Ku Lusaka ndimagona kuseri kwa sitolo ya mng'ono wawo wa a Ismaili ku Kamwala, komwe malaiti sazimazima ngati kuno.

Ndinene zoona, zikuthandiza. Sabata yatha ndinadutsa Luangwa, Nyimba, Petauke mpaka Katete osaima kuti ndisambe kumaso. Ndinaona mapiri amene ndakhala ndikudutsa zaka zonsezi osawaona. Aneba athu a Yosefina anandiimitsa pampopi, ati, “Kodi a Sakala munasamuka? Galu wathu wayambanso kunenepa, akugona bwino.” Ngakhale nthiti zanga zapuma. Ukudziwa alamu ako amagona ngati akupuntha nyemba, chigongono chawo chinali chosachoka pa ine. Masiku ano chinasiya.

Koma pali chimene sichikundisangalatsa. Ndinadziyang'ana pagalasi nditavala. Mlongo wanga, ndi chilombo chochokera kudambwe, chongosowa nthenga. Mwayi atabwera kudzationa anaseka mpaka kukhala pansi. Amake sanaseke. Ndikatembenuka ndimawapeza ali tsonga pabedi, akundiyang'ana. Ndikafunsa amangoti, “Gonani.” Masana akuwodzera singano ili m'manja. Ayambanso kunena zopita kwawo ku Chiparamba kukakumba nsawa, chonsecho nsawazo sizinakhwime.

Tafunsa kumeneko ngati chilipo chigoba china chaching'onoko, chosaopsa anthu. Nanga tchuthi chako akupatsa liti?

Ndine mlongo wako,
Alfonsi

Chiparamba
20 Epulo 1997

Okondedwa alamu,

Ndikupereka moni m'dzina la Ambuye. Muli bwanji ku Joni? Ine ndili kuno kwa amayi. Kalatayi ndapatsa aphunzitsi ena a pano amene akupita kutauni kuti akaponye. Mukhululuke zolemba zanga, cholembera sindinachigwire kalekale.

Zikomo chifukwa cha makina. Alongo anu asintha, nkhope yayera, sagonanso m'tchalitchi. Musaganize kuti sindikuthokoza.

Koma alamu, ine ndatopa, ndipo ndilibe wina womuuza. Chikwatiwireni ine ntchito yanga inali kumvera mkonono wa alongo anu. Ukamalira ndinkagona, chifukwa ndinkadziwa kuti munthu alipo. Ukangoduka ndinkadzuka ndekha, ngati mmene mayi amadzukira mwana akasiya kuyamwa. Ndinkadikira pang'ono, akapanda kupuma ndinkawagunda ndi chigongono, iwo n'kukoka mpweya ngati munthu wovuuka m'madzi, ine n'kugonanso. Iwo sadziwa. Amayesa ndimagona moipa.

Tsopano m'nyumba muli zii. Mutu wanga ukudziwa kuti ndi makina, koma thupi likukana. Likamva bata limandidzutsa kuti wafa. Ndimakhala tsonga kuyang'ana chifuwa chawo ngati chikukwera. Ndikati ndiike dzanja ndimaopa payipi, mwina ndingaisokoneze. Malaiti akazima mkonono umabwerera, ndipo ndi masiku okhawo amene ndimagona. Taonani, munthu kumapempherera kuti malaiti azime mwamuna wake akudwala. Ndinakalapa kwa abambo mfumu, koma sindinathe kufotokoza bwino tchimo lake.

Mwina mufunsa kuti bwanji osawauza. Inu mwakhalitsa kunja, koma simunaiwale za kwathu. Mkazi anganene bwanji kwa mwamuna wake kuti ndikakuonani mutagona ndimaona maliro? Kumeneko n'kulaula. Ndipo mawa chinachake chitachitika pamsewu, abale adzati pakamwa pa mkazi uja ndi pamene panayambira. Ndinaziona kwa azakhali anga, amuna awo atamwalira analandidwa ndi mbale zomwe.

Ndiye ndabwera kuno kuti ndigone. Ndinawauza kuti ndi nsawa, ndipo nsawazo tikukumbadi. Koma nakonso kuno ndimadzuka kumvetsera, ngakhale palibe womumvetsera.

Inu ndinu a chipatala. Ndiuzeni, kodi makinawa akaleka okha munthu amadziwa? Pali chimene ndingamve kapena kuona kuti mtima ukhale pansi? Mundiyankhe kuno kwa amayi. Alongo anu musawauze.

Ndine mlamu wanu,
Sesiliya

Kapata, Chipata
25 Meyi 1997

Tryness,

Moni. Ndili moyo. Kalata yako yonena kuti chigoba chaching'ono kulibe ndinalandira.

Alamu ako anapita ku Chiparamba Pasaka itangotha ndipo sanabwerere. Nsawa anakumba, anaumitsa, anathothola. Anthu ena onse anabwerako. Ndinapita Lamulungu lina, anandilandira bwino, anandiphera nkhuku, anandifunsa ngati ndikuvalabe chinthu chija. Nditati inde anayang'ana pansi. Nditati tiyeni kwathu anati mawa. Mawa lakelo ndi lino.

Ine si mwana. Mkazi wapirira mkonono wanga zaka zonsezi osatuluka m'chipinda ngakhale tsiku limodzi. Chabwera chigoba, wachoka. Palinso chofunsa apa? Ndani angagone pambali pa chinthu chotere? Ndiponso talingalira, pamaliro amuna timagona panja, ndidzapita ndi makina kukafuna pobaya pulagi pamtengo wa mango? Sabata yatha pa maliro a kwa Jere ndinakhala maso mpaka kucha kuopa kusekedwa.

Ku Kapata nkhani yafala kuti banja la Sakala latha. A Yosefina amandibweretsera ndiwo ngati wofedwa. Malume a Petulo, ankhoswe athu, amva ndipo atumiza mawu kwa a Benson, alongo awo a amake Mwayi, kuti tikhale pansi ntchito yogulitsa thonje ikachepa.

Uuze dokotala wako andipatse tsiku. Adule. Ululu wa masabata ndiupirira. Usandilembere masamba atatu ondifotokozera, ndamva kale zonse. Ndikufuna mkazi wanga abwere kunyumba.

Alfonsi

Johannesburg
15 Juni 1997

Alamu anga amake Mwayi,

Moni kwa inu ndi kwa amayi. Nsawa zachita bwanji chaka chino? Ndakhala ndikuyembekeza kuti mwina mundilembera, koma poti muli chete ndayamba ndine.

Alongo anga andiuza kuti muli ku Chiparamba chifukwa cha chigoba chija. Sindikukuweruzani. Nanenso nditayamba ntchito ndinkachita mantha kuona munthu ali ndi mapayipi kumaso. Koma ndiloleni ndifotokoze. Chigobacho ndi pulasitiki chabe, ngati beseni lanu losambira. Sichisintha munthu. Amene ali kuseri kwake ndi yemwe uja munalumbira naye kuguwa kuti pa mtendere ndi pa mavuto. Magalasi a maso nawonso poyamba ankaseketsa anthu kumudzi.

Ndikulemba chifukwa zinthu zafika patali. Iwo aumirira opaleshoni ndipo dokotala wapereka tsiku la 19 Ogasiti. Ine ndikanakonda akanasankha okha ndi mutu wozizira. Pano akusankha kuti inu mubwerere. Dokotala ananena poyera kuti kwa munthu wa khosi lonenepa ngati lawo, mpeni ukhoza kuchotsa phokoso n'kusiya matenda.

Alamu, mwapirira zambiri ndi mlongo wangayu, ndikudziwa. Koma kuipa kwa chinthu cha pankhope n'kochepa poyerekeza ndi moyo. Chonde ganizani mofatsa, ndipo ngati n'kotheka bwererani kunyumba.

Ndine mlamu wanu,
Tryness

Kapata, Chipata
20 Julayi 1997

Mlongo wanga Tryness,

Moni. Kuno kukuzizira, fumbi lokhalokha. Ndikhulupirira uli bwino. Khala pansi, lero wolemba masamba atatu ndine.

Loweruka lapitalo tinakhala pansi ku Chiparamba, pakhonde la apongozi, dzuwa likuwomba. Analipo malume a Petulo, a Benson, ine ndi amake Mwayi. Ine ndinanyamula makina m'katoni, ndinati wopalamula akhalepo pa mlandu wake. Amake Mwayi anali atailandira kalata yako ija. Anaikulunga pansonga ya chitenje, ndipo maso awo anali otupa.

Malume anayamba monga mwa mwambo. “Amayi, mwamunayu anakumenyani?”

“Ayi.”

“Amakumanani chakudya, kapena chovala?”

“Ayi.”

“Kapena ali ndi wina ku Lusaka?”

Anayankha ndi a Benson. “Wina wake ndani, malume? Mkonono umenewo angaupirire ndi mlongo wanga yekha. Pa ukwati wa Mwayi mbuzi zinathawa m'khola.”

Tinaseka, kupatula mwini nkhani. Ine ndinatsegula katoni n'kutulutsa chigoba. Ndinati, “Musavutike, wolakwa ndi uyu. Mwezi wa mawa ndikupita ku Joni akandidule pakhosi, ichi tibweze kwa eni ake. Amake Mwayi adzaonanso nkhope ya munthu.”

A Benson anachitembenuza uku ndi uku, ati, “Alamu, Akatolika mitala sitilola. Uyu mumagona naye, ku Lusaka mumapita naye, mlongo wanga atani?”

Pamenepo amake Mwayi anadzutsa mutu. “Akakadula, mkonono ubwerera?”

Ndinati, “Ayi, utheratu. Mudzagona ngati mwana.”

“Nanga kubanika kuja?”

Ndinati iwe unanena kuti kwa ena kumatsala.

“Ndiye kukatsala, mkonono palibe, makina palibe, ine ndidzamva chiyani?”

Kenako anagwada n'kutembenukira kwa malume. Anati, “Malume, ndi inu alongo anga, mundimvere nonse awiri, kuti mawa pasadzapezeke wonena kuti ndinalaula mwamuna wanga. Ndikunena chifukwa mwandifunsa pabwalo.” Malume anavula chipewa n'kunena kuti mawu onenedwa pamaso pa ankhoswe salaula munthu, ndipo wodzawatola adzayamba wakumana ndi iwo.

Ndiye amake Mwayi ananena. Akuti anakulembera zonse mu Epulo, ndipo yankho lako litabwera lonena za beseni anaganiza kuti ukungonamizira kuti sunailandire, poti nawenso waona kuti ndi zopusa. Ngati kalatayo sunaione, nkhani yake ndi iyi. Chigoba sichiwanyansa. Chimene chinawathamangitsa ndi bata. Mkonono wanga ndiwo unkawauza kuti ndili moyo, ndipo chigongono chija sikunali kugona moipa. Ankandidzutsa kuti ndipume. Zaka zonsezi, Tryness. Ine n'kumawanena kwa anzanga kuti ndinakwatira wopuntha nyemba.

Ndinangogwira nthiti zanga ngati chitsiru. Kenako malume anati, “Ndakhala nkhoswe wa mabanja ambiri. Mlandu wa mkazi wothawa phokoso ndinauweruzapo. Wa mkazi wothawa bata ndi woyamba. Palibe wolipa nkhuku pano. Bweretsani thobwa.”

Tinabwerera limodzi pa minibasi, iwo atanyamula nsawa, ine katoni.

Uuze dokotala afufute tsiku lija, ndipo umupepese. Afunsenso eni makina kuti tingatani kuti akhale athu. Za pamaliro ndidzaona, mwina ndizikhala ndi oimba kwaya amene sagona. Koma usaganize kuti zatha. Alamu ako abwerera, koma sakugonabe. Makinawo amawalambalala ngati mphika wa eni, ngakhale kupukuta fumbi amaopa. Aonda. Ine ndikudzuka wamphamvu, iwo akudzuka ngati anayenda ndi lole ndiwo. Iwe wodziwa kufotokoza, fotokoza tsopano.

Ndine mlongo wako,
Alfonsi

Johannesburg
10 Ogasiti 1997

Alamu anga okondedwa,

Moni. Muli bwanji, ndipo mwagona bwanji? Funso lachiwirili ndi limene ndinayenera kukufunsani kuyambira pachiyambi.

Kalata yanu ya mu Epulo yafika sabata ino, tsiku limodzi ndi ya alongo anga. Chidindo chake ndi cha mu Julayi. Ndiye kuti aphunzitsi aja anayenda nayo m'thumba la jekete chisanu chonse. Ndinaiwerenga nditaimirira, kenako ndinakhala pansi. Munandifunsa funso labwino, ine n'kukuyankhani za beseni. Pepani, alamu. Tsiku la opaleshoni lafufutidwa, ndipo za makina ndikukambirana ndi eni ake.

Tsopano ndiyankhe zimene munafunsa. Makinawa akaleka, kaya malaiti azima, munthu safa nawo. Amangobwerera mmene analili kale. Mkonono umayambanso, ndipo nthawi zambiri amadzuka yekha n'kuvula chigoba. Mwaziona kale nokha. Payipi musaiope, kuigunda sikuononga kanthu.

Chinanso, m'nyumbamo simuli zii monga mukuganizira. Khutu lanu linazolowera ng'oma, ndiye silikumva chisekese. Makinawo amalira pang'onopang'ono, ndipo kulirako kumasintha munthu akamakoka mpweya ndi akamatulutsa. Pachigoba pali timabowo totulutsa mpweya. Mukaika dzanja pafupi mumva kamphepo kosaleka. Ife m'wodi timamvera zomwezo. Ndimatha kulemba pa tebulo langa khutu lili kwa wodwala wa pakona, ndipo kupuma kwake kukasintha ndimapezeka ndaimirira ndisanaganize. Inu luso limenelo muli nalo kuposa ine. Langotsala kuphunzira nyimbo yatsopano. Sizitheka tsiku limodzi. Thupi limene lalondera zaka zonsezi silikhulupirira msanga kuti mlonda wina wabwera.

Ndili ndi pempho limodzi, ndipo mukakana sindikwiya. Lamulungu loyamba kalatayi ikafika, mukabwera ku Misa n'kudya, tsukani chigobacho ndi sopo ndi madzi ofunda. Chikauma, tsekani chitseko, a Yosefina asaone. Gonani pabedi, muvale inuyo. Alongo anga akumangireni malamba ndi kuyatsa. Poyamba mphepo idzakudabwitsani, mudzafuna kuvula. Tsekani pakamwa, pumirani m'mphuno, muimve mmene imatsegulira kummero. Mumvetsere mmene kulira kwake kukutsatira kupuma kwanu. Ndikufuna mudziwe ndi thupi lanu chimene chimawagwira iwo mukawaona ali phee.

Ndipo iwo asachoke. Akhale tsonga pambali panu, akuyang'aneni chifuwa chikukwera ndi kutsika. Muwauze kuti ndanena ine. Tulo tikakutengani, asakudzutseni.

Ndine mlamu wanu,
Tryness